Kamunthu Kokumba pa Tsamba la Kanyenyezi

Achimwene anga anthu amawatchula kuti a Dzimbiri, ndipo amene anawapatsa dzinali sanawanamizire. Shopu yawo ili kuseri kwa malo ometera tsitsi, kachipinda ka zenera limodzi kolowa chammbali. M'mashelefu ndi pansi pomwe mwadzaza makompyuta aja a mitu ikuluikulu, oyera kalelo koma pano achikasu, ndi makiyibodi olira ngati munthu akuswa mtedza. Ena amati ndi zinyalala. Inenso ndinkatero, mokweza, chifukwa ndine mlongo wawo ndipo palibe angandiletse.

Kale chipindachi chinali kafe ya intaneti, anthu ankachita kufola panja kudikira mpando. Mafoni atabwera mzere unatha, anzawo anayamba mabizinesi ena, koma achimwene anakakamira. Masiku ano amakonza mafoni kuti adye, koma mtima wawo uli pa makina akalewo. M'mawa uliwonse amachotsa fumbi m'mafani ndi mswachi wakutha. Ali ndi lamulo limodzi lomwe sanaliswepo: satsegula za mwini. Ukawasiyira kompyuta yokiya ndi mawu achinsinsi, amakonza waya ndi fani, koma loko wako samugwira.

Chimene chinawalakwira ndi pakamwa. Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene tinkamutcha Kanyenyezi, wokulira pansi pa matebulo a kafe ija. Mayi ake atamwalira, iye ali kale pa ntchito kutali, anabwera kudzawasamala bambo ake. Atawaona akugona pakati pa mawaya, anaitana ogula zitsulo n'kutulutsa makompyuta anayi, iwo atapita kumsika. Pobwera anamuuza, ine ndikumva: "Makinawa sanandikhumudwitsepo ngati iwe. Nyamuka." Mwanayo ananyamukadi, ndipo panatha zaka zisanu osalankhulana. Ndinkawauza za ukwati wake, kenako za kubadwa kwa mdzukulu, iwo n'kumangopukuta sikirini. Ndinkawamvera chisoni kwinaku akundikwiyitsa, chifukwa nambala ya foni yake anali nayo.

Chaka chatha anapeza anzawo. Kuli anthu amene atopa ndi intaneti ya masiku ano, ndiye akumanganso masamba ngati akale aja, opanda otsatsa malonda, okhala ndi zilembo zothwanima ndi buku la alendo loti wodutsa asiyemo mawu. Amakumana Loweruka m'shopu ya achimwene, anthu asanu pa mipando itatu. Mmodzi mwa iwo, mphunzitsi wopuma ntchito, anawathandiza kudzutsa kompyuta yaikulu ya kafe ija, imene ogula zitsulo anailephera kunyamula. Itayaka, munapezeka tsamba lomwe Kanyenyezi anapanga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Anandiitana kuti ndidzaone. Linali tsamba lofiirira, nyenyezi zikuthwanima mpaka maso kuwawa, pakati pali chithunzi cha mphaka wawo wakale. Pakona panali kamunthu kachikasu kokumba ndi fosholo osapuma, pansi pake mawu akuti tsambali likumangidwabe. Buku la alendo panalibe, mwanayo anali asanaphunzire kupanga kwake.

"Lembanipo kuti munalakwa, achimwene," ndinatero. "Ine ndimutumizira aone."

"Sindingathe, achemwali. Anakiya ndi mawu ake achinsinsi."

Mphunzitsi uja anaseka. "Inu a Dzimbiri, loko wa kamwana? Tiyiyu asanazizire tikhala tathyola."

"Tsambali ndi lake," anayankha achimwene. "Changa n'kungolitsegulira msewu."

Analumikiza kompyutayo ku intaneti mmene inalili, tsamba lili chikiyire, loti aliyense angalione koma wosintha ndi mwini yekha. Analemba adiresi yake pa kapepala n'kundipatsa, opanda ngakhale moni. Ndinakajambula kapepalako n'kumutumizira mwanayo pa foni, ndikung'ung'udza. Sanayankhe.

M'munsi mwa tsambalo munali manambala obiriwira owerenga alendo. Sabata yoyamba achimwene anayenda mapewa m'mwamba, ati alendo akwana makumi anayi. Mphunzitsi uja ndiye anawakumbutsa kuti nthawi iliyonse akatsegula kuti aone, akudziwerenga okha. Alendo onsewo anali iwo. Tinaseka mpaka misozi, iwonso anaseka, koma mochedwerapo. Kuyambira tsikulo anadziletsa, ankatsegula kamodzi kokha m'mawa, ndipo anapempha anzawo kuti asamalowepo. Nambala ikakwera ndi imodzi, ndiye kuti ndi iwo. Ikakwera ndi ziwiri, kwabwera munthu.

Miyezi itatu inatha ikukwera ndi imodzi imodzi. Magetsi akazima ankathamanga kulumikiza batire ya galimoto, kuopa kuti mwana angafike n'kupeza potseka. Fani ya m'kati mwa kompyutayo itafa anailozetsa fani yawo ya patebulo, iwo n'kumagwira ntchito thukuta lili kamukamu. Ine zinanditopetsa.

"Achimwene, foni muli nayo m'manjamo. Mukudzizunziranji?"

"Ndinamuthamangitsa ndi pakamwa pangapa," anatero osandiyang'ana. "Ndikaimba, ayankha chifukwa cha ulemu. Apa adzabwera akadzafuna yekha."

Ndinatuluka nditakwiya, koma pofika pa malo ometera paja ndinapezeka ndikupukuta m'maso.

Lachiwiri lina m'mawa ndinapita kukawasiyira malaya omwe ndinawasokera mabatani. Ndinawapeza ali pampando, mswachi uli pansi. Ndinayamba ndayang'ana manambala, poti anali atandizoloweretsa, koma iwo analoza pamwamba. Pambali pa mphaka uja panali chithunzi chatsopano, kamtsikana ka zaka ziwiri, mphumi yotakata ngati yawo yomwe, katagwira kiyibodi mozondotsa.

"Wakumbukira mawu achinsinsi aja," anatero chapansipansi. "Zaka makumi awiri, achemwali. Ndipo kamunthu kokumba sanakachotse."

M'munsi mwenimweni mwanayo anali atawonjezera buku la alendo, lopanda kanthu.

Achimwene amataipa osayang'ana zala, koma tsiku limenelo anakhala pafupifupi ola, kulemba n'kufufuta. Ine ndinangoima kumbuyo kwawo, malaya ali m'manja. Pomaliza panatsala mawu ochepa: "Ndinalakwa, mwanangu. Bwerani nonse."

Kenako anadzuka, n'kuyamba kunyamula makompyuta apansi aja imodzi imodzi kukaunjika panja. Ndinawafunsa ngati mutu ukuyenda bwino.

"Gwirani uko, achemwali," anatero akupuma movutikira. "Mwana wa zaka ziwiri angayende pati muno?"