Mipata Imene Ndinatseka M'nyimbo ya Ukwati

Mu Kawale monse palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera mtengo. Ngakhale akaunjika amayang'ana kumbali akandiona. Ndiye mwana wanga wamkazi atapeza banja, alamu anga, mphunzitsi wa kwaya yathu, n'kupeka nyimbo ya ukwatiwo pa kompyuta, ndinalanda fulashi imene munali nyimboyo: "Zosindikiza siyirani ine."

Kwaya yathu inkaphunzira nyimboyo pakamwa pa alamu. Ya kuchimuna, ku Area 25, inkadikira mapepala, kuti pa tsikulo adzaimbire pamodzi.

Ku Mchesi, mayi wa pashopu yosindikiza analowetsa fayilo ija mu pulogalamu yokonzera makadi. Inadzaza masamba anayi: d, r, m, timizere, timadontho, ndi mipata yoti minibasi n'kuimapo.

"Amayi, mukundigulitsa pepala loyera? Tsekani mipatayo, timizereto fufutani. Likhale tsamba limodzi."

"Bambo, ine nyimbo sindiidziwa. Koma mwini wake sanaziike dala?"

"Mwini wake ndi mlamu wanga. Amasiya mipata ngakhale poyala zovala."

Anafinya zonse, ndinalipira tsamba limodzi, mapepala ndinakawatula ndekha ku 25.

Tsiku la ukwati makwaya awiri anaima kutsogolo, alamu n'kukweza dzanja. Mzere woyamba unayenda bwino. Kenaka athu anakoka mawu, n'kupuma, koma a ku 25 anangodutsa ngati kabaza wopanda mabuleki. Timizere tija tinali pokokera mawu, mipata ija popumira! Ndinaona bambo wina wa besi maso ali tong'o, mitsempha ya m'khosi ili panja, akuimba osapuma. Dzanja la alamu linauma m'mwamba. Mwana wanga anatembenuka mu velo n'kuyang'ana ine, osati kwaya.

A ku 25 anafika pa Amen, nakhala pansi akupuma mwawefuwefu, athu akadali pa vesi yachiwiri. Apo azimayi akuchimuna anaimba nthungululu: "Tawasiya! A Kawale ndi aulesi!" Akuchikazi anabwezera kuti nyimbo si mpikisano wa njinga. Tchalitchi chonse chinaseka, mpaka mkwatibwi anagwira pamimba.

Alamu sanaseke. Nyimbo yawo yoyamba sinamvekepo mmene anaipekera, ndipo mpaka lero fulashi amaibisa ndikalowa. Koma ukwati umenewo anthu amaukambabe, ndipo masamba atatu aja sindinalipire. Inu mukuti anapambana ndani?