Muzu wa Bwazi Kuseri kwa Khola

Lero mnzanga wabinya mwendo pa mpira wamanja, ndipo aphunzitsi amupaka mankhwala a m'kabotolo. Fungo lake lozizira landibwezera kwathu ku Lupembe, ndisanayambe sukulu.

Nyengo yowokera mpunga, adada ankachokera kumunda atagwira msana. Amama ankasinja muzu wa bwazi n'kuwatikita nawo, koma mtengowo umamera kutchire, kutali. Tsiku lina nditaperekeza amama kutchireko, ndinazula kambande kake n'kudzakabzala kuseri kwa khola la nkhuku, osauza aliyense, kuti mankhwala a adada akhale pafupi.

Masamba a bwazi sanunkhira, fungo limakhala kumuzu. Choncho m'mawa uliwonse ndinkazula kambandeko, kununkhiza, n'kukabwezera m'dothi. Kanayamba kufota.

Adada anandipezerera kali m'manja.

"Mwana wane, ukuchita chiyani?"

"Ndikuona ngati mankhwala anu apsa," ndinanong'ona, maso ali pansi.

Anaseka mpaka anagwiranso msana. Kenako anakhala pansi, nanunkhiza zala zanga zamatope.

"Apsa ndithu. Tiye, paka apa."

Ndinawapaka matope onunkhirawo pamsana, iwo akubuula mwadala, nkhuku zikutiyang'ana.