Njinga ya pa Tsamba 17

M'chaka cha 2019, a Pensulo atapuma ntchito pa kampani yosindikiza mabuku a sukulu, anasiya zithunzi 312 zojambula pamanja m'kabati yachitsulo ya m'chipinda choyalira masamba a mabuku. Woziyang'anira anali mwana wa mlongo wawo, mayi amene aliyense pantchitopo ankangomutchula kuti Chemwali. Ndiwo anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndiwonso anamupezera malowo mu 2004. Anali munthu wa mawu ochepa, wofika msanga pantchito, ndipo pa zaka makumi awiri palibe tsamba limene linabwezedwa chifukwa cha iye.

Pangano la a Pensulo ndi kampani linali lomveka: chithunzi chilichonse mwini wake ndi iwo, ndipo kampani ingachisindikize m'buku lokhalo limene anachijambulira. Chemwali ankalidziwa bwino panganoli, pakuti ndiye analitaipa.

Mu Malichi 2024, buku latsopano la ana linkafuna zithunzi 28, masiku atatsala asanu ndi anayi, wojambula amene anapatsidwa ntchitoyo ali chigonere m'chipatala.

"Chemwali, anzathu onse akugwiritsa ntchito AI," anatero mkonzi wamkulu. "Inu mukudikira kuti pensulo idzuke yokha?"

Chemwali anayesadi pulogalamu ya pa kompyutayo, ija imajambula chimene munthu wailembera. Inatulutsa ana a nkhope zonyezimira ngati zidole za pulasitiki. Pa tsiku lachitatu, anzake atapita kokadya masana, anatsegula kabati ija, nasankha zithunzi 60, nazilowetsa mu kompyuta, nkuiuza pulogalamuyo kuti izijambula chomwecho. Mumtima ankadzitonthoza kuti za malume n'zako zomwe. Zimene zinatuluka zinali ndi mizere yopyapyala ija ya a Pensulo, ana a makutu aakulu aja, ndi agalu oyenda akucheuka. Mkonzi anaomba m'manja. Chemwali anangoweramira pa tebulo lake.

Bukulo linatuluka mu Julayi. Pa 11 Ogasiti anapita kukazonda amalume ake, nawapeza pakhonde ali ndi buku lomwelo ndi galasi lokulitsira zilembo. Anawapatsa ndi mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, amene ankati wazindikira dzanja lawo. Masiku amenewo a Pensulo anali atayamba kuiwalaiwala, ndipo zinkawaopsa.

"Khala apa, mwana iwe. Tsamba 17. Njinga iyi ndinaijambula liti?"

Chemwali anayang'ana pansi.

"Taona, tcheni chikupita ku tayala lakutsogolo! Zaka 36 ndikujambula njinga. Kodi ndinali nditaledzera? Ine wa tiyi yekhayekha?" Anaseka. "Ndiye kuti mutu unayamba kale kundithawa ine osadziwa. Ukandipepesere kwa abwana ako. Ana aphunzira bodza chifukwa cha ine."

"Ndikawauza, malume," anayankha, namwa tiyi yemwe anamupatsa mpaka kumaliza.

Anakhala nacho chinthucho milungu itatu, chikumudya ngati chiswe. Tsiku lililonse ankadutsa kabati ija atayang'ana kumbali. Kenaka akazi awo a amalume anamuimbira foni: mkuluyo wasiya kujambula m'mawa monga ankachitira pofuna kulimbitsa dzanja, mapensulo wawatsekera m'chitini, ndipo akuumirira kuti apite naye kuchipatala akamuyeze mutu.

Pa 1 Sepitembala Chemwali anagwada pakhonde lomwe lija nafotokoza zonse, kuyambira pa kabati mpaka pa kuomba m'manja kwa mkonzi.

"Makinawo anapempha kwa ndani?" anafunsa a Pensulo.

"Sapempha, malume. Woyenera kupempha ndinali ine."

"Ndiye tcheni chija si changa?"

"Si chanu."

A Pensulo anasisita bondo lawo.

"Amayi, mwamva?" anaitana akazi awo m'nyumba. "Mutu uli bwino. Wodwala ndi makina." Kenaka anatembenukira kwa Chemwali, nkhope yopanda kumwetulira. "Koma iwe, pakhomo pano unakulirapo, njira ukuidziwa. Mwina ndikanakana. Koma ukanabwera."

Sanamuuze kuti adzuke. Anadzamudzutsa ndi akazi awo.

M'mawa mwake Chemwali analembera mkonzi wamkulu kalata ya masamba awiri, naikamo manambala a zithunzi zonse 60 ndi ndime ya pangano imene inaphwanyidwa. Pa 9 Sepitembala analandira chenjezo lolembedwa, loyamba m'moyo wake wa ntchito. Kampani inalembera a Pensulo kawiri kupempha chilolezo choti zithunzi 28 zija zikhalebe m'bukumo, dzina lawo lilembedwe pachikuto. Kawiri konse anakana. Kope lachiwiri linatuluka mu Febuluwale 2025 ndi zithunzi za wojambula wina, ndipo masamba ake anayala ndi Chemwali yemweyo.