Kufuna Manda a Kwathu pa Laputopu

Ine sukulu ndinaisiya pomwe aphunzitsi anayamba kufunsa zinthu zosandikhudza. Ndiye mtsikana wina wa ku yunivesite atafika kuno ku Pembamoyo, n'kunena kuti akuphunzira udokotala wa nkhalango, ndinamufunsa ngati mitengo nayonso imabayidwa jakisoni. Anaseka. Ankavala majombo ngati msilikali, ndipo ankagona kwa alamu anga.

Ntchito yake anandifotokozera bwinobwino. Kumwambaku kuli makina, setilaiti, amene amadutsa n'kumajambula masamba. Pamene pabiriwira kwambiri ndiye kuti mitengo ikudya bwino, ikunenepa. Koma makinawo sungawakhulupirire okha. Iye ankalowa m'thengo ndi tepi, n'kumazunguliza m'chiuno mwa mombo ndi msuku, kuti aone ngati zakumwamba zikugwirizana ndi zapansi. Akatero ankadziwa ngati nkhalango ikukula kapena ikutha.

"Akazi anga," ndinkamutchula choncho monga timaserewulira ndi zidzukulu, "chiuno cha mombo mwayeza, changa muyeza liti?"

"Inu agogo munauma kale. Setilaiti singakuoneni."

Koma ine kuno ndine mkamwini. Mayi a kunyumba atamwalira, abale awo anandisudzula mwaulemu n'kundisiya m'nyumba momwemo. Manda a kuno ndi a mbumba yawo. Ndikafa, mtembo wanga uyenera kupita kwathu cha ku Zemba, kumene anagona amayi ndi amalume pansi pa miwanga ikuluikulu. Mawondo anakana njinga kalekale, abale anga anabalalika, ena ku Chipata, ena pansi. Zaka zinali zitachuluka ndisanapondeko.

Tsiku lina masana mtsikana uja anatsegula laputopu pakhonde, n'kundionetsa zithunzi za setilaiti. Dziko lathu lonse linali lofiirira ngati chikopa cha mbuzi, koma apo ndi apo panali timadontho tobiriwira.

"Amenewa ndi manda okhaokha, agogo. Ndayenda ndatsimikiza. Nkhwangwa imaopa pamenepo pokha."

"Ndionetseni a kwathu," ndinatero. "Munthu asanasamuke amayamba waona nyumba."

Tinatsatira mtsinje, tinapeza sukulu, tinakhota pa msewu wa ngolo. Anayamba ndi chithunzi chakale, ndipo ndinaloza ndi chala: kadontho kozungulira, kobiriwira bii. Mtima unakhala pansi. Kenako anayamba kusuntha zaka. Kadontho kaja kanadyeka cha kumsewu, ngati mbewa yaluma chikondamoyo. Kanadyekanso cha kumadzulo. Pa chithunzi cha chaka chino ndinayang'ana mpaka maso kutuluka misozi. Dothi lokhalokha.

"Mwalakwitsa malo."

Anabwereza modekha. Mtsinje womwewo, sukulu yomweyo.

"Mwina ndi makala, mwina munda wa thonje. Sindingakunamizeni. Makinawa amaona masamba okha."

"Nanga mitumbira? Amayi anga ali pamenepo."

"Mitumbira sindingaione, agogo. Pepani."

 Mtsikanayo anatseka laputopu n'kukhala nane pakhondepo, osapita kuthengo tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinapita kwa alamu anga, mchimwene wa malemu mkazi wanga, ndinawapeza akuswa mtedza pamphasa. Ndinavula chipewa, chinthu chimene sindinawachitirepo chikwatire mlongo wawo. Ndinati kwathu kulibenso mthunzi, mwina khasu likudutsa pamutu pa amayi, ndiye andipatse kamalo kufupi ndi mkazi wanga. Sindine wamtali, ndinatero, komanso sindiliza mkonono.

Sanaseke. Anaswa mtedza wina, n'kuutaya chifukwa unali wofumbwa.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Mkamwini amabwerera kwawo. Ine ndekha sindingayankhe. Mbumba ikhale pansi."

Mbumbayo mpaka lero sinakhale pansi. Uyu ali kumunda, uyu akudwazika, uyu akuti tidikire tikolole. Ine masiku ano mapiritsi a ku kiliniki ndikumwa onse mosadumphitsa, ngakhale owawa aja. Sindingayerekeze kufa yankho lisanabwere.