Popani, Achimwene

A Obed Chimtengo a pa Madisi ali ndi zala zitatu ku dzanja lamanzere zimene sizipinda. Sipanala amachita kuipanikiza ndi chikhatho, ndipo kutchalitchi buku la nyimbo amaligwira ndi dzanja limodzi. Ndi makaniko, ngakhale kusukulu ya umakaniko sanapondeko. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo awo, amene anali dalaivala wa mishoni, ndipo mkuluyo popuma pantchito anagula pikiapu yakale imene ankayendetsayo. Ndi galimoto ya m'zaka za m'ma 1970, yobiriwira, ndodo ya giya ili pachiwongolero. Mkuluyo atamwalira abale anagawana ng'ombe ndi dimba, a Obed anangopempha galimoto.

Galimotoyo ndiyo inawalerera ana. Inanyamula fodya, feteleza, mabokosi a maliro ndi akwati omwe. Amene ankaibwereka kwambiri anali a Mahamadi Jafali, mwini golosale pa Madisi pomwepo, amene nyengo yokolola ankalowa m'midzi kukagula soya ndi mtedza. Awiriwa anayenda limodzi zaka zambiri. Lachisanu masana a Obed ankaimika galimoto pamthunzi kudikira kuti mnzawo aswali, ndipo Lamulungu a Mahamadi sankayerekeza n'komwe kufunsa za ulendo.

Chaka chimene kunabuka mphekesera za anamapopa, giya inayamba kulimba. Injini ikamalira, giya yoyamba ndi yobwerera m'mbuyo zinkakana, n'kumangokukuta ngati chigayo chopanda chimanga. A Obed anayambira pa zapafupi. Anapaka girisi m'zitsulo zochokera ku ndodo ya giya, anasintha oyilo wa m'giyabokosi, koma sizinathandize. Kenako anaona kuti injini ikakhala yozima giya iliyonse inkalowa bwinobwino. Apo anadziwa kuti giyabokosi inalibe mlandu. Vuto linali klatchi: m'paipi ya mafuta ake munkalowa mpweya. Kalabala kofunika kusintha kanasowa ngakhale ku Lilongwe, choncho ankangoyenda ndi botolo ndi kachubu ka diripi, zochotsera mpweyawo giya ikakana panjira.

A Mahamadi atabwereka galimoto kuti akagule soya ku Ntchisi, a Tabita, akazi awo a Obed, anaukana ulendowo.

"Kumeneko anthu akugona panja, a bambo a Hana. Mlendo aliyense akumuona ngati wodzapopa magazi."

"Galimoto iyi ndani sakuidziwa?" anayankha choncho a Obed, n'kunyamuka.

Pobwerera, matumba a soya atadzaza, giya inakana pamwamba pa chitunda china cha kumalire a Ntchisi ndi Dowa. Dzuwa linali litangopendeka. A Obed anazimitsa injini, anaika mwala kutsogolo kwa tayala, n'kulowa pansi pa galimoto ndi botolo lawo. A Mahamadi anakhala pampando wa dalaivala kuti aziponda klatchi.

"Popani, achimwene," a Obed ankakweza mawu ali pansipo. "Popaninso. Gwirani pompo."

Mafuta akale, akuda mofiirira, ankatsika m'kachubu n'kumadontha m'botolo. Mayi wina amene ankadutsa ndi mtolo wa nkhuni anaima, anayang'anitsitsa, n'kuponya mtolowo pansi. A Obed anangomva mapazi akuthamanga, kenako mkuwo kumunsi kwa chigwa, ndi wezulo.

Kanati kamene anamasula sanathe n'kukamanga komwe. Manja anawagwira m'miyendo n'kuwakokera panja, msana ukukhula m'miyala. Atadzutsa mutu anaona anthu akukhamukira pamsewu kuchokera m'minda, ena ndi mipini, ena ndi zikwanje, ena zisenga zodulira soya zili m'manja. Bambo wina wamtali wovala malaya ofiira anatola botolo lija n'kulikweza m'mwamba.

"Si awa magazi? Ndi a ndani awa?"

"Ndi mafuta a galimoto, bambo. Anunkhizeni."

Mpini unawapeza pakamwa. Anagwa chammbali akulavula mano. Pamene ankatambasula dzanja kuti adzuke, wina analiponda, mnzake n'kulitswanya ndi mwala mpaka zala zinalira ngati nkhuni zouma.

A Mahamadi akanatha kudzitsekera m'galimoto, koma anatsika manja ali m'mwamba. "Abale anga, ndine Jafali wa ku Madisi. Soya uyu ndagula kwa inu nomwe lero." Ena mwa amene anawagulitsa analipo, ndipo anayang'ana kumbali. Mwala unawamenya a Mahamadi padiso, ndipo atagwada chikwanje chinawatema paphewa. Mayi wina wachikulire anayesa kulowa pakati, akunena kuti galimotoyo inanyamulapo maliro a mlongo wake. Anamukankhira m'ngalande.

Magalasi onse anaswedwa. Matumba anang'ambidwa, soya n'kumwazika mumsewu, anthu akufufuza mabotolo ena. Atawasowa, wamalaya ofiira uja anati, "Aponyeni momwemo, apsere limodzi ndi chigalimoto chawocho." Anawanyamula onse awiri n'kuwaunjika kutsogolo, a Mahamadi kaye, a Obed pamwamba, n'kumenyetsa chitseko. Amuna awiri anagoneka njinga yamoto pansi kuti akhuthule petulo m'chigubu.

A Obed anapezeka kuti nkhope yawo ili pachiwongolero. Kiyi anali pamalo pake. Klatchi inali itaferatu popeza kanati kaja kanali kotsekula, koma injini inali yozima. Zala zitakana kugwira, anakankha ndodo ya giya ndi mkono, ndipo yachiwiri inalowa. Anapotokola kiyi ndi dzanja lamanja. Galimoto inanjanja, inakwera mwala uja, inatsika, injini n'kulira.

Anthu anabalalika, koma wamalaya ofiira anaima kutsogolo atakweza mpini. A Obed anamuona bwinobwino ndipo sanaponde buleki. Anamva kugunda pabampala, kenako tayala lakumanzere likukwera chinthu. Wina anakakamira chitseko akuwamenya chibakera m'khutu mpaka anagwera m'tchire. Miyala inawatsatira, ikulira pamalata.

Ulendo wonse wokafika pa Dowa boma anayenda opanda klatchi. Ankamvetsera injini, kuchotsa phazi pamoto, kudikira kuti kulira kutsike, n'kukankha ndodo ndi mkono wamagaziwo. Pena inkalowa, pena inkakukuta mpaka m'mano otsalawo. Kuima sakanatha, chifukwa batire linali lofooka. A Mahamadi anali atatsamira pa iwo, akunong'ona mapemphero, kenako anangoti zii.

"Achimwene, musagone. Tatsala pang'ono."

Pachipata cha chipatala anazimitsa injini ili m'giya, galimoto n'kuima modzidzimuka. Alonda ndi amene anawatulutsa.

A Mahamadi anapulumuka, koma diso lamanja analichotsa, ndipo mkono sukwera kupitirira phewa. M'mawa mwake apolisi anabwera ndi wodwala wina, mwendo utaphwanyika pansi pa bondo. Anamugoneka m'wodi yomweyo, pabedi loyang'anizana ndi la a Obed. Anali wamalaya ofiira uja. Dzina lake linali Solomoni, mlimi wa ana anayi, ndiponso woimba kwaya kumpingo womwewo wa a Obed, kungosiyana tchalitchi.

Kwa masiku angapo sanalankhulane. A Tabita akabwera ndi phala ankakhala chofulatira bedi limenelo. Tsiku lina masana, anthu odzazonda atatuluka, Solomoni analankhula maso ali kudenga.

"Mayi a nkhuni aja anati anamva ndi makutu awo mukunena kuti popani."

"Ndinanenadi."

"Nanga ife tikanadziwa bwanji?"

"Ndinakuuzani kuti mununkhize."

Kenako Solomoni anafunsa ngati a Obed anamuona pamene galimoto inkatsika chitunda chija.

"Ndinakuonani," anatero a Obed.

Mwendo wa Solomoni anaudula sabata yotsatira. Mlandu unazengedwa, iye ndi anzake angapo anakalowa kundende, ndipo a Obed khoti silinawapeze ndi mlandu. Akulu a mpingo anabwera kunyumba kudzawalankhula za kukhululuka. A Obed anawalandira, anawamvetsera, koma kwa chaka chathunthu sanayandikire gome la mgonero, ndipo chifukwa chake sanauze munthu.

Golosale ya a Jafali tsopano akuyendetsa ndi mwana wawo wamkazi, Zakia, ndipo soya amagulira pakhonde, kwa amene abwera naye okha. A Mahamadi amakhala pampando panja. Madzulo a Obed akatseka galaja amapita kukakhala nawo, mbali ya diso lopenyalo, n'kumamwa tiyi.