Nyali zitatu za a Mawaya

Pa ofesi ina yolembetsa mayeso aliyense ankawatchula kuti a Mawaya, moti dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso pokha. Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo, koma kwa zaka khumi ndi ziwiri ndiwo ankasamala seva, kompyuta yaikulu yosunga mayina a ophunzira onse, m'kachipinda kakuseri kopanda zenera. Koma ndiye munthu wa luso! Fani yoziziritsa sevayo ikangosintha kaliridwe, iwo adziwa kale chavuta.

Kenako maso anayamba kuchita nkhungu. Manambala a pa sikirini osonyeza kulemedwa kwa seva anasanduka nyerere. Sanauze munthu, poopa kuti abwana akamva, ntchito yatha. Chikhalirecho sabata yolembetsa inali pafupi, nthawi imene masukulu onse amalowa pamodzi seva n'kubanika. Ukachedwa kuipepuza imazima, ana n'kutsala osalembetsa.

Ndiye anatola kabokosi ka sopo, kabolodi kakang'ono ka zamagetsi ndi timababu titatu. Analemba kapulogalamu komafunsa seva mphindi iliyonse. Ikayaka nyali yobiriwira, zili bwino, yachikasu, khala tcheru, yofiira, thamanga. Kabokosiko anakakhoma pamwamba pa chitseko cha kachipinda kaja.

"Mwayamba zokongoletsa, achimwene?" anafunsa mayi wa pakauntala, yemwe sasowa chonena.

"N'zothandiza inu nomwe."

Atayesa Lachisanu, yofiira inayaka seva ili chigonere. Anadziwa pompo kuti asinthanitsa timawaya tiwiri. Ntchito ya mphindi imodzi imeneyo, koma chowotcherera chinaphonya katatu, kachinayi chinawawotcha chala. Anakhala pansi, manyazi ndi mantha zitawagwira.

Mayi uja anali ataima pakhomo. Anatseka chitseko.

"Achimwene, mwezi wonse mwakhala mukununkhiza sikirini, mumati sitikuona? Bweretsani kuno. Inu muzinena, ine ndiziwotcherera."

Mayiyo anawotcherera mokhotakhota, koma yobiriwira inayaka. Atatero anawakokera kwa abwana, ngakhale a Mawaya ankakoka miyendo. Abwana anamvetsera, anapita kukayang'ana kabokosi ka sopo kaja, n'kupukusa mutu.

"Mpaka kupanga zonsezi m'malo mongopita kuchipatala? Mawa lomwe mupite."

Abwanawo sananene ngati a Mawaya adzabwerere pa ntchito, ndipo iwo anaopa kufunsa.

Lachiwiri la sabata yolembetsa a Mawaya anali chigonere kunyumba atachitidwa opaleshoni, diso lomatidwa thonje, mtima uli m'mwamba. Ankaganiza kuti mwina kabokosi kaja kawalanda ntchito: nyali aliyense angathe kuiona, nanga iwo n'ngachiyaninso? Foni inalira, akazi awo n'kuwaikira kukhutu.

"Achimwene, yafiira!" anakuwa mayi wa pakauntala. "Tonse tikuiona, ndi abwana omwe, koma palibe akudziwa chochita. Akuti muchire msanga, mpando wanu ukuwaotcha."

A Mawaya anadzuka n'kukhala tsonga, misozi ikutsika m'diso labwinolo.

"Musanjenjemere, achemwali. Khalani pa kompyuta yanga, ndikuuzani pogwira."