Masamba pamsewu wa ku bwalo la ndege

Amalume ndiwo anandilakwira. Ntchito yakunja ija analonjeza ine, koma anakapatsa mwana wawo Yamikani. Lero ndadzuka thukuta lili kamukamu, maloto ake ndi awa.

Kuli m'bandakucha, ndikuwayendetsa awiriwa kupita ku bwalo la ndege. Pamsewu aika masamba a maliro. Ndikadutsa awa ndikupeza ena, koma mudzi sukuoneka. Ndikachepetsa liwiro, amalume akuti, "Ponda moto iwe, si maliro athu."

Kenako tili pabenchi, tikudikira, ndipo kunja sikukucha. Masamba aja afika mpaka pakhomo lokwerera ndege. Chimkuzamawu chikuitana dzina langa, koma amene akuimirira ndi Yamikani, atavala jekete langa.

Ndikuwagwira amalume pakolala. "Aitana ine, inu mwatumiza wanu. Bokosi likabwera, mudzalira ndani?"